Mphuno Pamwamba pa Galimoto: Mmene Alenje a ku America Amaphunzitsira Agalu Kumva Fungo la Bobcat

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA:  Ino ndi pulogalamu yathu ya maphunziro, momwe timakambirana za chilengedwe ndiponso luso la anthu a m'mayiko ena. Lero tikuwolokera ku North America. Nkhani yathu ndi ya agalu osakira nyama, koma osati othamanga pansi monga tinazolowera. Awa amayamba ntchito ataima pamwamba pa galimoto imene ikuyenda, mphuno ili m'mwamba, kudikira kafungo ka nyama imodzi yotchedwa bobcat. Timva kuti nyamayi ndi yotani, chifukwa chake alenje amakweza galu pagalimoto, mmene amamuphunzitsira, komanso mkangano umene ulipo kumeneko pa kasakidwe kotere. Musachoke pafupi ndi wailesi yanu.

(NYIMBO IKWERE PANG'ONO, KENAKA ITSIKE)

WOULUTSA: Tiyambe ndi mwini nkhani. Bobcat ndi mphaka wam'tchire. Amapezeka kuyambira kumwera kwa Canada, kudutsa pafupifupi dziko lonse la United States, mpaka m'kati mwa Mexico. Kuno ku Africa kulibe. Wamkulu amalemera makilogalamu pakati pa 6 ndi 14, ndipo aamuna ndiwo amakula kwambiri. Amene munaonapo njuzi, msinkhu wake ndi woyandikira pamenepo, kungoti miyendo ndi yofupikirapo, m'masaya muli ubweya wautali, kunsonga za makutu kuli tiubweya takuda, ndipo mchira ndi waufupi, wosapitirira masentimita 20.

Amadya akalulu, mbewa, agologolo ndi mbalame. Amayenda yekha, makamaka kukamada ndi m'bandakucha. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2010 anayerekeza kuti ku United States amphakawa alipo pakati pa 2.3 miliyoni ndi 3.6 miliyoni. Komatu anthu ambiri kumeneko amakalamba osamuonapo ndi maso, ngakhale akukhala naye moyandikana. Alenje amamufuna chifukwa cha chikopa chake, makamaka cha kumimba chimene n'choyera ndi madontho akuda, koma ambiri amamusaka pongofuna kuyesa agalu awo. Pakati pa alenje a agalu, bobcat ndiye mayeso ovuta.

Kuvuta kwake n'kotani? Chimbalangondo chikadutsa, chimasiya fungo lamphamvu moti ngakhale galu wongoyamba kumene amalimva. Bobcat sali choncho. Thupi lake ndi lopepuka, mapazi ndi aang'ono, ndipo amadzinyambita ngati mphaka aliyense, choncho fungo limene amasiya n'lochepa ndipo silichedwa kuzilala. Akazindikira kuti agalu ali m'mbuyo, sathawira kutali. Amalowa m'ziyangoyango n'kumazungulira momwemo, amayenda pamwamba pa chipika chakugwa n'kudumphira kumbali, amabwerera m'mapazi ake omwe, amakwera m'matanthwe. Agalu osazolowera amangozungulirazungulira pamalo amodzi mpaka kutopa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Nanga agalu ake ndi otani? Ndi mitundu ya makutu ataliatali olendewera, imene anthu akhala akuiweta mosankha kwa zaka mazanamazana kuti izisaka ndi mphuno, osati ndi maso. Makolo a agaluwa anachokera ku Ulaya. Mu 1650, Robert Brooke anafika ku Maryland ndi gulu la agalu osakira kuchokera ku England. Cha m'ma 1750, banja la a Plott linachoka ku Germany ndi agalu awo n'kukakhazikika ku North Carolina, ndipo mtundu umene unachokera pamenepo mpaka lero umatchedwa Plott. Palinso mitundu ina monga Bluetick, Redbone, Black and Tan ndi Treeing Walker. Womalizawu ndi wothamanga kwambiri ndipo alenje ambiri a bobcat amaukonda.

Agalu onsewa ali ndi makhalidwe awiri ofunika. Loyamba, akamalondola fungo sakhala chete. Amauwa njira yonse, ndipo mawu awo amasintha malinga ndi mmene fungo lilili: likakhala lakale amauwa motalikitsa ndi modukizadukiza, likakhala latsopano amauwa mofulumira. Lachiwiri, nyama ikakwera mumtengo, iwo amakhala patsinde n'kumauwa osachokapo mpaka mbuye wawo afike. Mlenje wodziwa ntchito amazindikira galu wake aliyense ndi mawu okha, ali kutali, ndipo amadziwa chimene galuyo akunena.

Tsopano funso n'lakuti, galimoto ikulowamo bwanji? Yankho lili m'nyengo ndi m'maonekedwe a dziko. M'madera ozizira monga Montana, Minnesota, Wisconsin ndi Maine, kumagwa chipale chofewa. Mlenje amangodikira kuti chigwe usiku, m'mawa n'kumayenda ndi galimoto akuyang'ana pansi. Akaona mapazi a mphaka atadutsa msewu, amatsitsa agalu. Kumeneko maso a munthu ndiwo amayambitsa ulenje.

Koma pitani kumadzulo kwa Oregon, kuseri kwa mapiri a Cascade, chakunyanja ya Pacific. Kumeneko m'zigwa mumagwa mvula yambiri kuposa chipale. Nkhalango n'zowirira, ndipo misewu ya makampani odula mitengo, yothiridwa miyala, imapindikapindika m'mapiri mtunda wautali zedi. Pamiyala mphaka sasiya phazi looneka. Dera limene bobcat mmodzi wamwamuna amayendamo limatha kukula masikweya kilomita makumi angapo. Munthu woyenda pansi ndi agalu akhoza kutha tsiku lonse osadutsa pamene mphaka waponda. N'chifukwa chake alenje anaganiza zoti maso a munthu apume, mphuno ya galu ikwere pagalimoto.

Galimoto yake imakhala pikapu. Kumbuyo kwake amaikako bokosi lalikulu la aluminiyamu kapena la matabwa, logawidwa zipindazipinda, momwe mumakhala agalu ena akudikira. Pamwamba pa bokosilo amayalapo kapeti kapena labala kuti zikhadabo zizigwira, n'kuzunguliza kampanda kachitsulo kakafupi. Chapakati pali mphete yachitsulo, ndipo galu amamangiriridwa pamenepo ndi unyolo waufupi, wongomulola kuima, kukhala pansi ndi kutembenuka, koma wosamulola kufika m'mphepete. Kufupika kwa unyolowu ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Ukatalika, galu akatengeka n'kudumpha, amatsala akulendewera ndi khosi m'mbali mwa galimoto. Pamwamba pamenepo galu amalandira mpweya wochokera kutsogolo ndi m'mbali, pamene utsi wa injini ndi fumbi la matayala zikutsalira m'mbuyo. Dalaivala amayenda pang'onopang'ono, kawirikawiri makilomita 10 mpaka 20 pa ola, windo lili chitsegukire kuti amve galu wake.

(NYIMBO YOPUMULIRA)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za agalu a ku North America amene amamva fungo la mphaka wam'tchire wotchedwa bobcat ali pamwamba pa galimoto yoyenda.

Wina afunsa kuti, zingatheke bwanji? Mphaka anadutsa usiku, fungo lili pansi, galu ali m'mwamba mamita awiri, galimoto ikuyenda. Tiyeni tione mphuno ya galu. M'mphuno mwa munthu muli timaselo tomvera fungo pafupifupi 6 miliyoni. M'mphuno mwa galu muli toposa 200 miliyoni, ndipo agalu ena osakira amayandikira 300 miliyoni. Galu akamanunkhiza amakoka mpweya pafupifupi kasanu pa sekondi imodzi. Mukadzayang'anitsitsa mphuno ya galu wanu, mudzaona kuti m'mbali mwa mabowo ake muli timing'alu. Mpweya wotuluka umadzera m'menemo, n'kupita chakumbali, kotero kuti suuluza fungo limene likubwera kutsogolo.

Nafenso timalawako pang'ono zimenezi. Muli mu minibasi, windo lili lotsegula, mukudutsa pamsika pamene akukazinga nyama pachiwaya. Simunaone chiwayacho, koma fungo lakugundani kamodzi, mwadziwa, ndipo posakhalitsa latha. Galu wapagalimoto ntchito yake ndi imeneyo, kungoti chimene iye akufuna si chiwaya chotentha koma kafungo ka phazi la mphaka amene anadutsa maola angapo apitawo, ndipo mpata wake ndi sekondi imodzi kapena ziwiri.

Fungo limayenda ndi mpweya, ndipo mpweya uli ndi malamulo ake. Usiku nthaka ikazizira, mpweya wozizira umatsetsereka kuchoka m'mapiri kupita m'zigwa, utanyamula fungo. Choncho m'bandakucha galu amatha kumva mphaka amene ali kumtunda kwa msewu ngakhale sanawoloke msewuwo. Dzuwa likakwera, mpweya umatembenuka n'kuyamba kukwera, ndipo fungo limabalalika. Chinyezi, mame ndi nkhungu zimasunga fungo. Dzuwa lotentha, mphepo yamphamvu ndi fumbi zimalipha. Chisanu chikaumitsa udzu, fungo limatsekeredwa, n'kudzamasuka pamene kwayamba kufunda. Mlenje amene sadziwa zimenezi amatukwana galu wake pachabe, pamene wolakwa ndi iye mwini amene wanyamuka dzuwa litakwera kale.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tafika pamtima pa nkhani yathu, maphunziro enieniwo. Pano mumvetsetse bwino, okondedwa omvera. Palibe mlenje amene amaphunzitsa galu kununkhiza. Mphuno anabadwa nayo. Ali pamwamba paja amamva zonse: agwape, ng'ombe, nkhandwe za kumeneko zotchedwa coyote, nyama yowola, agalu a eni ake. Chimene amaphunzitsidwa n'kusankha fungo limodzi pakati pa onsewo, kuuwa akalimva, ndi kukhala chete akamva ena. Mwachidule, akuphunzitsidwa kunena zoona, chifukwa munthu amene ali pachiwongolero sangathe kutsimikiza ndi mphuno yake. Amangodalira mawu a galu.

Gawo loyamba limachitikira pansi, osati pagalimoto. Galu sangauwe pa fungo limene salidziwa ndiponso salifuna. Kagalu kakakwanitsa miyezi ingapo, mlenje amatenga chikopa cha bobcat, n'kuchikoka ndi chingwe m'udzu, kenaka n'kuchipachika mumtengo. Kagalu kakalondola mpaka patsinde n'kuuwa, amakasisita ndi kukayamikira. Kakakula pang'ono, kamayamba kupita kutchire ndi agalu akuluakulu, kuthamanga nawo, mpaka kudzionera kokha mphaka ali panthambi. Galu amene walondolapo amphaka angapo mpaka kumtengo ndiye wakonzeka kukwera pabokosi. Womukweza asanafike pamenepo akungoyendetsa galu ulendo wokaona malo.

Gawo lachiwiri n'kuzolowera galimoto. Agalu ambiri aang'ono amachita chizungulire, amatuluka dovu, amasanza, ena amangogona chafufumimba ndi mantha. Galu wamantha sanunkhiza. Choncho amayamba n'kumukweza galimoto itaima, kumudyetsera pomwepo, kenaka kuyenda naye kamtunda kakafupi, mawa kuwonjezerako. Cholinga n'chakuti galu aziima mwamtendere pamakona ndi m'mabampu, maganizo ake onse ali kumphuno.

Gawo lachitatu n'kumuika pambali pa galu wamkulu wodziwa kale ntchito. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo pabokosi mwambiwu umaoneka ndi maso. Wamkulu akauwa, galimoto imaima, agalu amatsitsidwa, liwiro limayamba. Wamng'ono amalumikiza zinthu zitatuzi m'mutu mwake: fungo ili, kuuwa, kenaka kumasulidwa. Komatu apa pali msampha. Agalu ena amaphunzira kuuwa chifukwa mnzawo wauwa, osamva kanthu. Galu wotero amaoneka katswiri ali ndi mnzake, koma akatsala yekha amadutsa pamene mphaka waponda kumene ali duu. N'chifukwa chake pakapita nthawi wamkulu amabwezeredwa m'bokosi, wamng'ono n'kutsala yekha pamwamba.

Gawo lachinayi n'kumukonzera mayeso osavuta. Mlenje amapita yekha kukakoka chikopa kudutsitsa msewu, kapena amasankha malo amene akudziwa kuti mphaka amakonda kuwolokerapo. Kenaka amabwera ndi galu, akuyenda moyang'anizana ndi mphepo kuti fungo libwere kumphuno. Amasinthasintha malo ndi nthawi, chifukwa galu ndi wochenjera: akaona kuti tsiku lililonse amatsitsidwa pa mlatho womwewo, ayamba kuuwa akangoona mlathowo. Masiku ena amamuyendetsa dala m'misewu mopanda kalikonse, kuti adziwe kuti kukhala chete nakonso ndi ntchito.

Tiyerekeze m'mawa wina pamene zonse zagwirizana. Kunja kukadali kachisisira, nthambi zikudontha. Galu waima pabokosi, makutu akukupizika ndi mphepo. Mwadzidzidzi mutu wake ukutembenukira kumanzere. Mchira, umene unali pansi, ukuyamba kugwedezeka. Akulira pang'ono kukhosi, akukoka unyolo, kenaka akutsegula pakamwa: kuuwa kumodzi kwakutali. Dalaivala, amene diso lake linali pagalasi loonera kumbuyo, waponda buleki nthawi yomweyo. Akutsika, akumasula galu, ndipo chifukwa galimoto yapitirira pang'ono, akubwerera naye m'mbuyo mamita angapo. Galu akuika mphuno pansi. Mlenje nayenso akugwada m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, pamene pali matope, kufuna umboni. Phazi la bobcat ndi lozungulira, la masentimita anayi kapena asanu, la zala zinayi, lopanda zikhadabo, chifukwa mphaka amabweza zikhadabo akamayenda. Phazi la coyote ndi lotalikirako ndipo zikhadabo zimaoneka. Akaona phazi lozungulira lija, amadziwa zinthu ziwiri: galu wanena zoona, ndiponso mphaka walowera uku, osati uko. Chachiwirichi n'chofunika, chifukwa galu wamng'ono amatha kulondola fungo chobwerera, kupita kumene mphaka wachokera.

Taonani kuti mphotho ya galu ameneyu si nyama kapena bisiketi. Mphotho yake n'kumasulidwa kuti athamange. Ndiye lamulo la mlenje ndi ili: pamasiku ophunzira, galu akauwa, ima. Ngakhale mvula ikugwa, ngakhale watopa, ngakhale ukukayika. Ukamapitirira osaima, galu amaphunzira kuti kuuwa kulibe phindu, ndipo amasiya.

(NYIMBO YOPUMULIRA)

WOULUTSA: Gawo lomaliza ndilo limasiyanitsa alenje odekha ndi apupuluma: kuletsa galu kuuwira nyama zolakwika. M'nkhalango za kumeneko agwape ndi ochuluka kuposa amphaka, ndipo fungo lawo ndi lamphamvu. Galu amene watsata gwape amatha kusowa tsiku lonse, kuwoloka misewu ikuluikulu, kulowa m'minda ya eni ake, ndipo m'madera ambiri kuthamangitsa agwape ndi agalu n'kuswa lamulo. Alenje ambiri amagwiritsa ntchito kolala yamagetsi, imene imalira, kunjenjemera kapena kugwira galu ndi shoko akadina batani. Chida chimenechi pali ochitsutsa, moti ku Wales anachiletsa mu 2010. Koma ngakhale ochigwiritsa ntchito amagwirizana pa mfundo imodzi: usalange galu usanatsimikize.

Chifukwa chake n'ichi. Tinene kuti galu wauwa, mlenje wayang'ana n'kuona gwape ataima m'mbali mwa msewu. Wadina batani. Koma mwina mphaka anadutsa pomwepo usiku, ndipo galu amauwira mphakayo. Galu wanena zoona, walangidwa. Zikachitika kawiri katatu, amatseka pakamwa, ndipo kumutsegulanso n'kovuta kuposa kuphunzitsa galu watsopano. N'chifukwa chake alenje odziwa amachita phunziro la agwape padera, pamalo pamene aona ndi maso kuti gwape wadutsa pompano, galu ali pansi, osati pabokosi.

Palinso kuuwa kwina kumene si bodza koma sikuthandiza. Bobcat amaika malire a dera lake ndi mkodzo ndi ndowe, nthawi zambiri m'mbali mwa njira. Fungo la pamalo otere limakhalitsa masiku. Galu akauwa pamenepo, n'kutsitsidwa, amanunkhiza uku ndi uku koma osapeza njira yotulukira. Apa palibe chomulangira. Amangomukwezanso mwakachetechete, ndipo m'kupita kwa nthawi galu amaphunzira yekha kusiyanitsa fungo lakale ndi fungo lotheka kulondola. Kuona maso a nkhono n'kudekha: maphunziro onsewa satha nyengo imodzi ya ulenje.

Ndipo si galu aliyense amene amafikapo. Alipo agalu olondola bwino kwambiri pansi amene pabokosi sauwa mpaka kukalamba. Alenje ena amangosiya za bokosi, n'kumathamangitsa agalu pang'onopang'ono kutsogolo kwa galimoto, mphuno zili pafupi ndi nthaka. Kumwera kwa Texas, m'tchire la minga, njira imeneyi ndiyo yofala. Agalu akamasulidwa, mlenje amawatsatira ndi makolala a GPS. Kampani ya Garmin inatulutsa chipangizo chotere chotchedwa Astro mu 2007, ndipo masiku ano mlenje amaona pa sikirini pamene galu aliyense ali, liwiro lake, ndiponso ngati waima patsinde la mtengo.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Kasakidwe kameneka si onse a ku America amene amakavomereza. Otsutsa amati galimoto, gulu la agalu ndi GPS zikaphatikizana, nyama imatsala yopanda mpata, ndipo kuwombera mphaka amene wathawira mumtengo si ulenje wachilungamo. Amatchulanso za kuvutika kwa nyama yothamangitsidwa, ndi za agalu amene amavulala kapena kuphedwa ndi mimbulu, monga zimachitikira ku Wisconsin. Alenje a agalu amayankha kuti njira yawo ndiyo yosankha bwino kuposa msampha, chifukwa nyama ikakhala mumtengo munthu amatha kuiona bwinobwino. Ikakhala yaikazi kapena yaing'ono, amaijambula, n'kumanga agalu, n'kubwerera.

Mkanganowu wafika mpaka pa mavoti. Mu 1994 anthu a ku Oregon anavota zoletsa kusaka zimbalangondo ndi mikango ya m'mapiri ndi agalu, koma bobcat sanamuphatikizemo. Mu 1996 a ku Washington analetsa agalu pa nyama zimenezi ndi pa bobcat yemwe. California inaletsa kusaka bobcat ndi agalu kuyambira mu 2013, ndipo kuyambira mu 2020 inaimitsa kusaka nyamayi. Koma mu 2024 anthu a ku Colorado anakana ganizo loletsa kusaka amphaka am'tchire. Kumene n'kololedwa, mlenje amafunika chiphaso ndipo amasaka pa nyengo yoikika yokha. Chikopa chotumizidwa kunja kwa dziko chimayenera kukhala ndi chizindikiro cha pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a nyama zam'tchire, ndipo Malawi ndi Zambia nawonso ali m'panganoli.

Luso lomweli lapulumutsanso nyama. Ku Florida, mikango ya m'mapiri ya kumeneko inatsala pang'ono kutheratu. Mlenje wa agalu wochokera ku Texas, Roy McBride, ndiye anatsimikizira m'zaka za m'ma 1970 kuti ikadalipo, ndipo kuyambira mu 1981 agalu ake ankaikweza m'mitengo kuti akatswiri aigoneke ndi mankhwala, aiyeze ndi kuiveka makolala oitsatira nawo.

Kwathu kuno mphuno ya galu ikugwira ntchito yoteteza. Ku Zambia, bungwe la Conservation South Luangwa linayambitsa gulu la agalu onunkhiza mu 2014, mothandizidwa ndi bungwe la Working Dogs for Conservation la ku Montana. Ku Malawi, gulu lotere linayamba mu 2018, ndipo limagwira ntchito m'malo monga bwalo la ndege la Kamuzu. Agaluwa amafufuza minyanga ya njovu, mamba a ngaka ndi zina zozembetsedwa. Maphunziro awo maziko ake ndi omwe tamva aja: fungo losankhidwa, chizindikiro chimodzi, ndi mphotho yosachedwa. Tikumbutsanenso kuti kulowa ndi agalu kukasaka m'malo otetezedwa monga Liwonde, Kasungu kapena Nyika ndi mlandu, ndipo lamulo la nyama zam'tchire limene linakonzedwanso mu 2017 lili ndi zilango zofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE CHAPANSIPANSI)

WOULUTSA: Nthawi yatithera, okondedwa omvera, koma inu amene muli ndi galu pakhomo, kaya wolondera nyumba kaya woteteza mbuzi, tengani zitatu izi. Galu akachita bwino, muyamikireni pomwepo, osati madzulo. Musamumenye musanadziwe chimene wauwira, chifukwa iye akumva zimene inu simungamve. Ndipo chimene mwalola lero musadzaletse mawa, popeza galu wosokonezeka amangosankha chimodzi: kuuwira chilichonse kapena kusauwanso. Galu amene amauwa pachabe usiku wonse, ndi galu amene amangoyang'ana wakuba akulowa, nthawi zambiri onsewo anaphunzitsidwa zimenezo ndi mwini wake mosadziwa.

  

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)